Kodi ndigule chida chowongolera hanger ya derailleur, kapena n'cha amakaniko okha?

Mwinipedalo:
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano. Njinga yanga ya magiya 10 kumbuyo ndinaitsamiritsa pakhoma, mphepo n'kuigwetsera mbali ya tcheni. Sinagwe mwamphamvu, ndipo nditaidzutsa sindinaone chowonongeka kupatula kukalika pang'ono pa derailleur, kachipangizo ka kumbuyo kamene kamasamutsa tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina. Koma kuchokera tsiku limenelo magiya sakumvanso. Ndikapotoza kokokera kebulo kuti magiya ang'onoang'ono azilowa bwino, aakulu amayamba kulira ndipo tcheni chimafuna kudumpha. Ndikakonza aakuluwo, ang'onoang'ono amachedwa kulowa. Kebulo ndaika yatsopano pamodzi ndi paipi yake, tcheni ndachitsuka, ndachiyeza, sichinatalike. Chatsala m'maganizo mwanga ndi hanger, kachitsulo kaja kamene derailleur imamangidwapo.

Njinga ndimakonza ndekha, ndipo pakhomo pano zilipo zitatu: yanga, ya mayi a kunyumba ndi ya mwana. Ndiye ndifunse: kodi n'chanzeru kugula chida choyezera ndi kuwongolera hanger, kapena chimenechi n'cha amakaniko okha? Ngati n'chofunika, pogula ndiyang'ane chiyani? Ndaona zina zodula kwambiri, zina zotsika mtengo zedi, koma pa zithunzi zonse zikungooneka ngati ndodo yachitsulo yokhala ndi kamsonga.

Madala Sipoko:
A Mwinipedalo, zimene mwalongosolazo ndi zizindikiro za hanger yopindika, sindikukayika. Kebulo ikalimba kapena kumasuka mopitirira, vuto limakhala limodzimodzi kuyambira giya yoyamba mpaka yomaliza, ndipo mukapotoza kamodzi onse amakhala bwino. Koma vuto likamasamuka, mwalithamangitsa kuno latulukira uko, ndiye kuti derailleur yapendekeka, siikutsatanso mzere wa magiya.

Tisanafike pa zogula, chonde musalowetse giya yaikulu ija ya pafupi ndi masipoko mpaka mutakonza. Njinga ikagwera mbali ya tcheni, hanger imapindikira mkati, derailleur n'kuyandikira masipoko. Ikakodwa mmenemo wilo likuzungulira, imazulidwa yonse, masipoko amaduka, tcheni chimapotoka, nthawi zina felemu imene imawonongeka. Ndaziona kambirimbiri, ndipo kawirikawiri zimachitika pamtunda, pomwe munthu akufunafuna giya yopepuka.

Kagiya:
Ine ndingoti gulani hanger yatsopano, nkhani ithe. Anaipanga dala ndi aluminiyamu wofewa kuti izipindika kapena kuthyoka m'malo mwa felemu. Mabawuti awiri, mphindi zisanu, mwamaliza. Chida choti muzichitulutsa kamodzi pa chaka chingokudzazirani bokosi.

NaChitsulo:
Achimwene a Kagiya, zoti hanger anaipanga kuti izifera felemu ndi zoona. Koma zoti mukaika yatsopano ndiye kuti zonse zawongoka, pamenepo sindikuvomera. Hanger yatsopano imakhala yowongoka payokha, ili m'pepala lake. Chimene derailleur imafuna n'choti bowo la bawuti yake liloze mbali imodzi ndi ekiselo ya wilo. Pakati pa ziwirizi pali felemu, ndipo pamene hanger imakhala sipakhala posalala ndendende nthawi zonse. Mwina penti inachuluka mbali imodzi, mwina powotcherera chitsulo chinakokeka, mwina kugwa komweko kunakhudzanso felemu. Ine ndayezapo ma hanger ongomanga kumene n'kupeza ena akufunikabe kuwakankha pang'ono. Popanda choyezera sindikanadziwa.

Tionenso chifukwa chake kupindika kochepa kumavutitsa chonchi. Pa kaseti (mulu wa magiya a pa wilo la kumbuyo) ya kampani ya Shimano ya magiya 8, kuchoka pakati pa giya imodzi kufika pakati pa yotsatira ndi mamilimita 4.8. Ya magiya 9 ndi 4.35, ya magiya 10 ngati ya a Mwinipedalo ndi 3.95, ndipo ya magiya 12 imangopitirira pang'ono 3.5. Magiya akamachuluka, mpata umachepa. Kawilo kapamwamba ka derailleur kakaphonya ndi milimita imodzi yokha pa kaseti ya magiya 10, ndiye kuti kaphonya gawo limodzi mwa magawo anayi a mpata wonse. Tcheni chimamva zimenezo ngakhale maso sakuona kanthu.

Madala Sipoko:
Achemwali anena zoona. Kale pa njinga za magiya 5 kapena 6, chosinthira chinali chongokankha, chopanda malo oikika. Dzanja ndi khutu ndizo zinkapeza giya. Hanger ikapindika pang'ono, unkangokankhanso pang'ono, phokoso n'kutha, n'kuyenda choncho zaka osadziwa kuti pali chopindika. Kuchokera pomwe Shimano inabweretsa njira yosinthira magiya yotchedwa SIS pa zida zake za Dura-Ace mu 1984, chosinthira chimakoka kebulo mlingo woikika pa kudina kulikonse. Icho chimangoyembekeza kuti hanger ili mowongoka. Sichidziwa kuti njinga inagwa.

Mwinipedalo:
Zikomo madala, giya yaikulu ndaisiya. Koma ndinagwada kumbuyo kwa njinga n'kuyang'anitsitsa timawilo tiwiri ta derailleur, ndipo tikuoneka ngati tili pamzere umodzi ndi magiya. Kodi maso sangakwanire? Komanso wina andifotokozere mmene chidachi chimagwirira ntchito, chifukwa sindinachigwirepo.

NaChitsulo:
Maso amaona kupindika kwakukulu, makamaka kolowera mkati. Chimene samaona ndi kupotoka, pamene hanger yayang'ana pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo. Kupotoka kumeneko n'kumene kumabweretsa zimene mukudandaulazo.

Chidacho n'chosavuta kuchimvetsa. Mumachotsa derailleur, n'kulowetsa mutu wa chidacho m'bowo lomwelo. Mazinga ake ndi a M10 x 1.0, ndiko kuti kukula mamilimita 10, ndipo kuchoka pa zinga limodzi kufika pa lina ndi milimita imodzi. Pamutupo pali ndodo yaitali imene imazungulira ngati muvi wa wotchi, ndipo pandodopo pali kamsonga koyenda komwe mumakafikitsa pa limu. Mumayeza mpata pamwamba, pansi, kumbuyo ndi kutsogolo. Ngati hanger ili mowongoka, mpata umakhala wofanana ponseponse. Ntchito yeniyeni ya ndodo yaitaliyo ndi kukulitsa cholakwika kuti chioneke. Limu ya 700c ndi mamilimita 622 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ndiye kupendekeka kosakwana theka la digiri kumaoneka ngati mamilimita 4 pa limu. A Park Tool, opanga zida zokonzera njinga, amalangiza kuti kusiyana kusapitirire mamilimita 4 amenewo. Palibe diso loti lingaone theka la digiri pa kachitsulo kotalika ngati chala.

N'chifukwa chake ine ndimachitenga ngati choyezera poyamba, chopindira pambuyo. Pogula muganize ngati mukugula rula, osati mgwala.

Wamatope:
Ine ndimakwera m'njira zamiyala ndi mizu, ndipo derailleur imagunda zinthu mwezi uliwonse, ndiye kwa ine funso loti ndigule kapena ayi linatha kalekale. Ndikuuzeni zimene ndinaphunzira movutikira. Choyamba chimene ndinagula chinali cha mtengo wotsikitsitsa, chopanda dzina la wopanga. Pomwe ndodo imazungulira pamutu panali pogwedera. Ukaigwira kunsonga inkatha kupita mkati ndi kunja mamilimita angapo popanda hanger kusuntha. Taganizani, mukufuna kuyeza kusiyana kwa mamilimita 4 ndi chida chogwedera pafupifupi mlingo womwewo. Ndinkayeza katatu n'kupeza mayankho atatu. Choipitsitsa, ndinapinda hanger yabwinobwino potsatira chimene chida chinkandiuza.

Panopa ndili ndi Park Tool DAG-2.2 ndipo ndikayeza kawiri ndimapeza zofanana. Sindikunena kuti zotsika mtengo zonse n'zoipa, mnzanga ali nacho cholimba bwinobwino. Koma chikangofika, chimangeni pa njinga, gwirani kunsonga kwa ndodo, gwedezani mopepuka. Chikamagwedera kwambiri, chibwezeni musanachikande.

Kagiya:
Ndiye mwaona, a Mwinipedalo? Chotchipa n'chonama, chabwino n'chodula. Hanger yatsopano kapena kupita kwa makaniko kamodzi n'kumene kungakupulumutsireni ndalama. Ine yanga itapindika ndinaigwira ndi shifiting'i n'kuikoka, mpaka lero ndikuyenda.

Madala Sipoko:
A Kagiya, njinga yanuyo ndi ya magiya angati?

Kagiya:
Ndi ya 8, madala.

Madala Sipoko:
Ndi chifukwa chake. Magiya 8 amakhululuka. Shifiting'i nanenso ndaigwiritsapo ntchito, makamaka munthu akagwa ali kutali ndipo akungofuna kufika kwawo. Koma ili ndi zovuta ziwiri. Mumakoka mosayeza, ndipo mukaigwira pa bowo lopanda kanthu mkati mutha kulifinya bowolo, mazinga n'kuwonongeka, bawuti ya derailleur osalowanso bwino. Chida chenichenicho chimadzaza bowo pamene mukupinda, ndiye mazinga amatetezeka.

Chinanso chimene sindifuna kuona ndi munthu kugwira derailleur imene ndi dzanja n'kumaikoka kuti awongole hanger. Mumapinda khola la timawilo, mumakulitsa mipata m'mapini ake, ndipo mawa mudzakhala ndi zinthu ziwiri zopindika m'malo mwa chimodzi.

Mkwezamtunda:
Ndiloleni ndiponyepo njira ya osafuna kugula. Ekiselo ya kumbuyo ya mahabu ambiri a Shimano a quick release (omangidwa ndi kotsekera ka dzanja m'malo mwa manati) ili ndi mazinga a 10 x 1, ofanana ndi a bowo la hanger. Ngati muli ndi wilo lakale la kumbuyo, chotsani kotsekera kaja, lowetsani nsonga ya ekiselo m'bowo la hanger, ndipo mukhala ndi mawilo awiri oyandikana. Yezani mpata wa pakati pa malimu awiriwo ndi rula pamwamba, pansi, kumbuyo ndi kutsogolo. Ine ndachita choncho zaka zingapo ndipo magiya anga 9 amalowa bwino.

NaChitsulo:
Njirayo imagwira, achimwene, ndipo nzeru yake ndi yomweyo ya chida chogula. Koma ndichenjeze pa zinthu zitatu. Ekiselo imatuluka kunja kwa nati mamilimita ochepa okha, ndiye mazinga ogwira amakhala ochepa, ndipo mukakoka mwamphamvu mutha kuzula mazinga a aluminiyamu. Chachiwiri, habu ya wilo lakalelo isakhale yogwedera, apo ayi tabwerera ku vuto la a Wamatope. Chachitatu n'choopsa kwambiri: si ekiselo iliyonse imene ili 10 x 1. Zambiri zomanga ndi manati ndi za 3/8 inchi ndi mazinga 26 pa inchi, ndipo za Campagnolo zakale ndi mamilimita 10 koma mazinga 26 pa inchi. Zimaoneka ngati zikulowa, kenako zimalimba, ndipo mukakakamiza mwadula mazinga atsopano pamwamba pa akale. Chilichonse cholowa m'bowo limenelo chizilowa ndi zala zokha.

Mkwezamtunda:
Zoona, ndinaiwala kunena za mazinga. Ndipo ndivomere kuti kugwira wilo ndi dzanja limodzi, rula ndi dzanja lina, uku ukuzungulitsa, si ntchito yokoma. Ndikanakhala ndi njinga zitatu ngati a Mwinipedalo mwina ndikanagula.

Mwinipedalo:
Ndapita kukayang'ana njinga zinazo chifukwa cha zimene mukukambazi. Ya mayi a kunyumba ndi ya felemu yachitsulo, ndipo sindikuona mabawuti ogwira hanger. Ikuoneka ngati ndi chitsulo chimodzi ndi felemu. Imeneyo ikapindika munthu amatani?

Madala Sipoko:
Pamenepo ndiye nkhani yasintha. Mafelemu ambiri achitsulo hanger yake ndi mbali ya felemu imene, siichoka. Simungagule ina. Ikapindika njira ndi imodzi, kuiwongola, ndipo chidachi chinabadwira ntchito imeneyo ma hanger ochotseka asanafale. Ubwino wake chitsulo chimalola kupindidwa n'kubwezedwa kangapo osasweka. Aluminiyamu sali choncho. Ukamupinda amauma pamalo opindikawo, ukamubweza amaumiratu, kachitatu kapena kachinayi amang'aluka. Mukaona timizere toyera kapena kamng'alu pomwe panapindika, musalimbane nayo, itayeni. Hanger yong'aluka imathyoka pamene mukupondereza pedalo mwamphamvu.

Ndiye kwa inu, bambo, ndi njinga zitatu, imodzi ya magiya 10, ina ya hanger yosachoka, ine ndikuti gulani. Mwana yekhayo adzakubwezerani ndalama yanu, chifukwa njinga za ana zimagonekedwa pansi mbali iliyonse tsiku ndi tsiku.

Kagiya:
Pa felemu yachitsuloyo ndagonja, sindinaganizeko. Koma ndikuumirirabe pa chimodzi: ngakhale mugule chida, gulaninso hanger ina yosungira ya njinga yanu ya aluminiyamuyo. Ma hanger alipo mitundu mazanamazana, felemu iliyonse ndi wake, ndipo tsiku limene yathyoka si tsiku loyamba kufufuza kuti yanu ndi iti. Chida sichilumikiza yothyoka.

Wamatope:
Apa a Kagiya ndili nanu. Ine yosungira imakhala m'kachikwama ka pansi pa chishalo. Ndipo ndinayamba ndaimanga pa njinga, kuiyeza, kuiwongola, kenako n'kuichotsa, kuti tsiku la tsoka ndidzangomanga n'kupitiriza.

Kubwerera ku zoyang'ana pogula, kupatula kugwedera kuja. Onani kutalika kwa mutu wolowa m'bowo. Mafelemu ena, makamaka a thru-axle (a ekiselo yonenepa yomangidwa m'felemu momwemo), ali ndi chitsulo chochindikala pafupi ndi hanger, ndipo chida cha mutu waufupi ndi wonenepa chimagunda felemu chisanalowe mpaka kumapeto, kapena ndodo imakanika kuzungulira. Onaninso kamsonga koyezera. Pozungulitsa ndodo mumakumana ndi mapaipi a felemu, ndipo ngati pali kaliyala kapena madigadi mumakumananso ndi timiyendo tawo. Pamafunika kamsonga koti mutha kukabweza kapena kukatembenuza kuti kadutse, kenako n'kubwerera pamlingo womwewo. Zida zina zili ndi kamphira kozungulira kosungira mlingo, zina monga DAG-3 mutu wonse wa kamsonga umatembenuka. Ngati kadutsa koma mlingo watayika, mwayeza pachabe.

Pali zing'onozing'ono zokongola ngati HAG ya Abbey Bike Tools, yomwe imafupika n'kulowa m'kachikwama, koma imeneyo ndi ya munthu woyenda ndi zida kumipikisano. Pakhomo kukula kwa chida sikukuvutitsani.

NaChitsulo:
Ndionjezere kutalika kwa ndodo, popeza pali njinga ya mwana. Limu ya 29 inchi komanso ya 700c ndi mamilimita 622, ya 27.5 ndi 584, ya 26 ndi 559, koma ya 20 inchi yofala pa njinga za ana ndi 406. Onetsetsani kuti kamsonga kamatha kutsika mpaka pa limu yaing'onoyo. Opanga abwino amalemba kukula kwa mawilo amene chida chawo chimakwanira. Ndipo mazinga a pamutu akhale achitsulo cholimba, odulidwa mosalala.

Chamtsogolo:
Pepani kulowerera mochedwa. Kodi zonsezi sizikutha ntchito? Kampani ya SRAM inatulutsa UDH mu 2019, hanger imodzi yokwanira mafelemu a makampani ambiri, ndipo mu 2023 inatulutsa Transmission yomwe derailleur yake imamangidwa pa felemu pomwe pali ekiselo, popanda hanger n'komwe. Ndikuona ngati munthu wogula chida lero akugula cha dzulo.

Wamatope:
Pa Transmission n'zoona, palibe choti muwongole ndipo chidachi chilibe polowa. UDH nayo yachepetsa vuto lofufuza hanger yoyenera. Koma UDH ndi hanger ndithu, ili ndi bowo lomwelo la M10 x 1.0, ndipo kuyeza kumathandizabe kuti mudziwe ngati vuto lili pa iyo kapena kwina. Chachikulu, a Mwinipedalo alibe njinga zimenezo. Ali ndi zitatu za hanger wamba, monga njinga zochuluka zimene anthu akukwera panopa, ndipo zidzakhalapo zaka zambiri.

Chamtsogolo:
Ndamva. Kwa njinga zawozo ndikugwirizana nanu.

Mwinipedalo:
Ndaitanitsa chapakatikati, cha wopanga wodziwika, ndi hanger yosungira. Madala, pamene ndikudikira, mundiphunzitse kagwiritsidwe kake kuti ndisakawononge.

Madala Sipoko:
Chabwino, mvetserani. Wilo la kumbuyo likhale pa njinga, litalowa mpaka kumapeto ndipo litamangidwa molimba monga mmene mumakwerera. Ine ndimaimika njinga pansi, kumasula, kuipondereza pang'ono kuti ekiselo ikhazikike, n'kumanganso. Wilo likakhala mopendekeka, mudzawongolera hanger ku wilo lopendekeka. Musayese kupinda hanger pamene wilo lachotsedwa, chifukwa ekiselo ndi imene imagwira felemu kuti mphamvu yanu ipite pa hanger pokha.

Ikani tcheni pa giya yaing'ono, masulani derailleur ndi alenikiyi ya mamilimita 5, muisiye ilendewere pa tcheni, kebulo simuyenera kuichotsa. Onani timabawuti togwira hanger ku felemu ngati tili tolimba. Kangapo ndapeza kuti hanger sinapindike n'komwe, inangomasuka. Pakani girisi pang'ono pa mazinga a chida, lowetsani ndi zala mpaka chikhale.

Tsopano chinsinsi chake ndi vavu. Palibe limu yowongoka ndendende, ndiye musayeze malo osiyanasiyana a limu. Yezani malo amodzi, pa vavu, ndipo mukamazungulitsa ndodo muzizungulitsanso wilo kuti vavu izitsatira. Mukatero kukhota kwa limu sikulowa m'masamu anu. Mudzaonanso kuti pamafunika kukweza kapena kutsitsa kamsonga pandodo nthawi iliyonse, chifukwa bowo la hanger silili pakati pa wilo, lili pansi ndi kumbuyo pang'ono kwa ekiselo. Zimenezo zisakudabwitseni.

Yambani pa 6 koloko (pansi), fikitsani kamsonga pa limu, sungani mlingo, pitani pa 12 koloko (pamwamba). Ngati hanger inapindikira mkati monga ndikuganizira, pansi kamsonga kadzakhudza, pamwamba padzakhala mpata. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: musapinde mpaka mpata wonse utseke. Tsekani theka lokha, chifukwa mukamakankha pamwamba kulowa mkati, pansi pamatuluka mlingo womwewo. Mpata ukakhala mamilimita 10, kankhani 5, bwererani pansi, ikaninso kamsonga, yezaninso. Mukamaliza pamwamba ndi pansi, chitani kumbuyo ndi kutsogolo. Kutsogolo paipi ya felemu imatchinga, ndiye yezani pafupi nayo mmene mungathere. Kenako bwerezani zonse, chifukwa kukonza mbali imodzi kumasuntha ina pang'ono.

Pokankha bwezani kamsonga kaye kuti kasakande limu. Kankhani pang'onopang'ono, mosadzidzimutsa. Chitsulo chimabwerera pang'ono mukachisiya, ndiye mudzamva pomwe chayamba kugonja. Kuli bwino kukankha kasanu mopepuka kusiyana ndi kupitirira kamodzi n'kumabweza, pakuti kubwezako n'kumene kumapha aluminiyamu.

NaChitsulo:
Madala afotokoza zonse. Ndingowonjezera za pobwezera derailleur. Kumbuyo kwake kuli kabawuti kotchedwa B, kapena kachitsulo komwe kabawutiko kamatsamira, ndipo kayenera kukhala kumbuyo kwa kadzino ka hanger. Mukamanga kali pamwamba pa kadzinoko mumakaphwanya ndipo mutha kupindanso hanger imene mwangoiwongola. Kokerani derailleur kumbuyo pamene mukumanga. Shimano imalemba kuti mphamvu yomangira bawuti ya derailleur ikhale 8 mpaka 10 Nm. Mukatha, yambani ndi timabawuti ta malire, H ndi L, kenako kulimba kwa kebulo. Malire amene analipo anali a hanger ya kale, ndipo mwakhala mukupotoza zinthu milungu itatu, ndiye zonse ziyambirenso. L muionetsetse kawiri, ndi imene imaletsa tcheni kugwera m'masipoko.

Kwa ena owerenga amene ali ndi felemu ya kaboni: kuyeza kulibe vuto, kukankha pang'ono kulibe vuto, koma hanger ikapindika kwambiri ikani yatsopano kenako muyeze. Mphamvu yowongolera yopindika kwambiri imadutsa m'timabawuti tating'ono n'kukathera mu kaboni, ndipo kaboni sapindika, amasweka.

Mwinipedalo:
Ndabweranso, chida chinafika. Ndinachita monga a Wamatope ananenera, kuchimanga n'kugwedeza kunsonga, ndipo kugwedera kwake n'kochepa kwambiri, sikufika milimita. Pa njinga yanga, pakati pa 6 ndi 12 koloko panali kusiyana kwa mamilimita 13, ndipo kumbuyo ndi kutsogolo 8. Hanger yomwe ija ndinkaiona ngati yowongoka! Ndinakankha pang'onopang'ono, maulendo ngati asanu ndi limodzi, mpaka ponseponse kusiyana kunatsika pa mamilimita 2. Ndayang'ana ndi tochi, palibe mng'alu kapena mizere yoyera. Nditakonzanso H, L ndi kebulo, magiya onse 10 akulowa kamodzin'kamodzi, kukwera ndi kutsika, popanda phokoso. Ndinakwera kamtunda kuti ndiyese giya yaikulu ndipo derailleur ili patali bwino ndi masipoko.

Ya mayi a kunyumba inali ndi mamilimita 7, ndipo iwo akuti kwa nthawi yaitali giya yachitatu inkalira koma ankangoidumpha. Yachitsuloyo inafuna mphamvu zambiri kuposa yanga. Yosungira ija ndaiyezanso itamangidwa, a NaChitsulo, ndipo inali ndi mamilimita 5 kumbuyo ndi kutsogolo, ndaiwongola n'kuisunga.

Yandivuta ndi ya mwana. Nditachotsa derailleur ndapeza kuti ilibe bowo pa felemu. Derailleur yake ili ndi kachitsulo kake kokhala ngati ndowe komwe kamalowa pa ekiselo n'kumangidwa ndi nati ya wilo. Pamenepo chida ndichilowetse pati?

Madala Sipoko:
Mwagwira ntchito yabwino, bambo. Za mwanazo, zilipo za mitundu iwiri. Pa zina ndoweyo ndi kachitsulo kapadera kokhala ndi bowo la mazinga a 10 x 1, ndipo derailleur imamangidwapo ndi bawuti. Ngati ndi choncho, siyani ndoweyo pa njinga, mangani nati ya wilo molimba pamodzi ndi kabawuti kakang'ono kogwira ndoweyo, masulani derailleur pa bawuti yake, chida chilowa m'bowomo ngati mwa masiku onse. Pa zina ndowe ndi derailleur anazikhomerera pamodzi, sizilekana. Imeneyo chida chilibe polowa. Ichotseni, muike ndoweyo pa chinthu chosalala muone ngati yakhota, muiwongole pa vayisi, ndi yachitsulo ndipo imalola. Tajambulani pafupi pomwe ndowe ikumana ndi derailleur, mbali zonse ziwiri, tione kuti yanu ndi iti.

Mwinipedalo:
Ndayang'ana, palibe polowetsa alenikiyi, pali mutu wosalala mbali zonse. Ndiye ndi yokhomerera. Vayisi ndili nayo, ndiichotsa madzulo ano mwana akabwera nayo, ndipo chithunzi nditumiza ndisanayambe kupinda.